Cimene Olemba Nchito Afuna ku Migodi

Inu anyamata a kumidzi amene mulingalira za ulendo wa ku Kitwe kapena ku Ndola, cherani khutu. Pamene mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1932, olemba nchito anayang'ana makamaka mphamvu za thupi. Munthu anayamba ndi fosholo, kuwola miyala pansi pa nthaka, nalandira malipiro ace atakwaniritsa tikiti ya masiku 30. Tsiku limene anajomba silinawerengedwe.

Masiku amenewo anapita. Lero makina ndiwo anyamula miyala, ndipo cotsegula cipata ndico kalata ya sukulu: ya Giredi 12, kapena ya umisiri, monga imene apereka pa Northern Technical College ku Ndola. Ndiponso asanatsike m'mgodi, munthu ayenera kupimidwa cifuwa, pakuti pfumbi la miyala liononga mapapo.

Koma kalata sinena zonse. Wolemba nchito afunsanso kumene munagwirako kale: Kodi afika pa nthawi yace? Kodi aledzera? Kodi akaona mwala wolendewera kudenga anena, kapena angokhala cete poopa kucedwetsa nchito? Funso lotsirizali ndiyesa ndilo loposa onse, popeza pansi paja moyo wa munthu uli m'manja mwa anzace. Ku Mufulira, pafupi ndi Kitwe, anthu 89 anafa m'caka ca 1970 pamene matope anagumukira m'mgodi, ndipo a kumeneko sanaiwale.

Cifukwa cace wonunkha mowa pacipata abwezedwa, cinkana akhale mmisiri waluso. Ndi wa kalata yonama, yogula kwa akathyali, acotsedwa tsiku lomwelo cinyengo cace cidziwika.