Ganyu, Geni ndi Lendi ya Kumudzi: Mmene Mungalembere Msonkho ku Britain

Amalawi ambiri okhala ku Britain ali ndi ntchito imodzi yolembedwa, komanso kenakake ka pambali. Mkati mwa sabata ali kunyumba zosamalira okalamba kapena kuchipatala. Loweruka mayi akuluka tsitsi pabalaza, bambo akuperekera zakudya za Deliveroo, wina akuphika pa zinkhoswe ndi maukwati. Pa ntchito yolembedwa ija msonkho umadulidwa malipiro asanafike m'manja, mwa njira ya PAYE monga zimakhaliranso kwathu, ndiye munthu amaona ngati alibe mangawa ndi boma. Koma ndalama za pambalizo palibe amene amadula. Bungwe lotolera msonkho la HMRC limayembekezera kuti muziulule nokha, pa fomu ya Self Assessment.

Yambani ndi kalendala, chifukwa ndi yachilendo. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Ngati munayamba geni m'chaka cha 2025/26, muyenera kulembetsa ku HMRC pofika pa 5 Okutobala 2026. Adzakupatsani nambala ya manambala khumi yotchedwa UTR, ndipo siibwera tsiku lomwelo, choncho osadikira mpaka kumapeto. Fomu ya pepala imafunika pofika pa 31 Okutobala 2026, ya pa intaneti pofika pa 31 Januwale 2027. Pa 31 Januwale pomwepo ndi tsiku lolipira. Ziwerengero zonse zili m'munsimu n'za chaka cha 2025/26, ndipo zimasintha ndi bajeti.

Kodi aliyense wa ganyu ayenera kulembetsa? Ayi. Malire ake ndi £1,000 pa chaka, koma apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: amawerenga ndalama zonse zimene zalowa, musanachotse zomwe munagwiritsa ntchito. Mayi amene analandira £1,500 poluka tsitsi, atagula mesh ndi mafuta a £900, wadutsa malire ngakhale phindu lake ndi £600 yokha. Ndalama zolandira pamanja nazo zili m'gulu lomweli. Ndipo malirewo ndi a maganyu onse pamodzi: kuluka, kuphika ndi kujambula zithunzi pa maukwati sizikhala ndi £1,000 yakeyake.

Ntchito yachiwiri yolembedwa, monga ya ku agency kumene amakupatsani payslip ndi kudula msonkho, ndi nkhani ina. Imeneyo ili kale mu PAYE. Kugulitsa zovala zanu zakale pa Vinted nakonso si bizinesi. Koma mukamaoda zovala kuti mugulitse ndi phindu, ngati wa kaunjika, ndiye kuti mukuchita malonda. Kuyambira Januwale 2024 makampani a pa intaneti monga eBay, Vinted, Airbnb ndi Uber akhala akusunga ndi kutumiza ku HMRC mbiri ya anthu opeza ndalama kudzera mwa iwo. Zoti "adziwa bwanji" zinatha.

Polemba fomu mumasankha chimodzi mwa ziwiri: kuchotsa £1,000 ija pa zolowa popanda kuwerenga malisiti, kapena kuchotsa ndalama zenizeni zimene munagwiritsa ntchito pa geniyo. Zonse ziwiri pamodzi sizitheka. Ngati zotuluka sizinafike £1,000, tengani njira yoyamba. Ngati zapitirira, werengani zenizeni: zipangizo, katundu wooda, inshuwalansi, gawo la bilu ya foni lomwe linali la bizinesi. Woyendetsa galimoto yake pa geni angawerenge 45p pa mailo iliyonse mpaka mamailo 10,000, kenako 25p, m'malo mosonkhanitsa malisiti a petulo ndi a kwa makaniko. Ndalama zotumiza kumudzi, kaya ndi fizi ya ana a achimwene, feteleza kapena chipepeso cha maliro, sizichotsedwa. Ndi udindo wolemera ndithu, koma pa fomuyi mulibe malo ake.

Tsopano tiwerengere pamodzi, chifukwa Januwale woyamba ndi amene amagwetsa anthu. Tiyerekeze mayi wa ku Leeds amalandira £25,000 pa chaka ku ntchito yosamalira okalamba. Gawo losakhomedwa msonkho ndi £12,570, ndipo malipiro akewo alimaliza kale. Pa zotsalazo PAYE yadula 20 peresenti, yomwe ndi £2,486. Kuluka tsitsi kwamubweretsera £7,400, zotuluka £1,400, phindu £6,000. Popeza gawo laulere lija linatha, paundi iliyonse ya phinduli imakhomedwa 20 peresenti: £1,200. National Insurance ya anthu odzilemba okha, Class 4, imayamba phindu likadutsa £12,570, ndiye iyeyu siimukhudza.

Iye wakonzekera £1,200, koma kalata ikunena £1,800. Chachitika n'chakuti bilu ikadutsa £1,000, ndipo msonkho wodulidwa kuntchito usanafike 80 peresenti ya msonkho wanu wonse, HMRC imafuna muyambe kulipiriratu chaka chotsatira. Amazitcha payments on account: theka la bilu pa 31 Januwale, theka linalo pa 31 Julayi. Mayiyu alipira £1,200 ya chaka chatha ndi £600 ya mtsogolo mu Januwale, kenako £600 ina mu Julayi. Sikuti amubera, ndalamazo zidzachotsedwa pa bilu yotsatira, koma £1,800 ija imafunika mwezi umene Khirisimasi yangokokolola m'thumba ndipo kumudzi akuimba foni za fizi ndi njala.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena. Tsegulani akaunti ina yapadera, ndipo pa ndalama iliyonse ya ganyu ikani pambali kotala tsiku lomwelo. Chaka choyamba ikani gawo limodzi mwa magawo atatu. Ili ngati mbewu: ngakhale ndiwo zisowe, siikazingidwa. Ngati geni yachepa chaka chino, mungapemphe kuti zolipiriratu zija azitsitse, koma mukatsitsa mopyola adzakuikirani chiwongoladzanja. Palinso njira ina imene ambiri saidziwa: ngati muli pa PAYE, bilu yanu ndi yosafika £3,000 ndipo mwatumiza fomu ya pa intaneti pofika pa 30 Disembala, mungapemphe kuti azidula pang'onopang'ono pa malipiro anu chaka chotsatira. Okhala ku Scotland adziwe kuti kumeneko magawo a msonkho wa malipiro ndi osiyana ndi a ku England.

Za ndalama zosunga ndi masheya n'zachidule. Wolipira msonkho wa 20 peresenti sakhomedwa pa chiwongoladzanja cha kubanki mpaka £1,000 pa chaka. Wa 40 peresenti malire ake ndi £500. Madividendi aulere ndi £500 yokha, kuchoka pa £2,000 zaka zochepa zapitazo. Mukagulitsa masheya kapena crypto ndi phindu lodutsa £3,000, pali msonkho wina wotchedwa Capital Gains Tax. Zonse zosungidwa mu akaunti ya ISA, yomwe imalola kuikamo mpaka £20,000 pa chaka, sizikhomedwa ndipo sizilembedwa n'komwe pa fomu. Kwa banja wamba limenelo ndiye khomo loyamba kugogoda. Koma ngati mukulemba kale fomu chifukwa cha geni, lembanimo chiwongoladzanja ndi madividendi a kunja kwa ISA ngakhale ali ochepa.

Nkhani imene imatikhudza kwambiri ife ndi nyumba ya kumudzi. Munthu amene lamulo limamuona kuti ndi wokhala ku Britain amakhomedwa msonkho pa zimene amapeza kulikonse padziko. Lendi ya nyumba yanu ya ku Area 25 kapena ku Chirimba ndi ndalama zanu, ngakhale akulandira ndi achemwali anu n'kumagulira amayi chimanga, ndipo ngakhale kwacha imodzi siinakwere ndege. Chimodzimodzi chiwongoladzanja cha mabanki a ku Malawi ndi madividendi a pa Malawi Stock Exchange. Zimenezi zimalembedwa pa masamba a ndalama zakunja, SA106, zitasinthidwa kukhala mapaundi. HMRC imasindikiza mitengo yosinthira ndalama imene mungagwiritse ntchito. Lendi ili ndi malire akeake a £1,000 pa chaka, osiyana ndi a geni aja. Ngati bungwe lotolera msonkho ku Malawi la MRA linadula kale msonkho pa ndalamazo, sungani chikalata chake, chifukwa ndi umboni wopemphera kuti msonkhowo uchotsedwe pa wa ku Britain, musalipire kawiri.

Kuyambira pa 6 Epulo 2025 pali lamulo loti munthu wongofika kumene, amene anakhala kunja kwa Britain zaka khumi zotsatizana, angapemphe kuti ndalama zake zakunja zisakhomedwe pa zaka zinayi zoyambirira. Likumveka lokoma, koma werengani kaye. Wopempha amataya £12,570 yaulere ija chaka chimenecho, ndipo kwa munthu wa 20 peresenti kutaya kumeneko ndi msonkho woposa £2,500. Lendi ya nyumba imodzi ya ku Lilongwe kawirikawiri siifika poti kusinthanako kupindule.

Musanayambe geni iliyonse, onaninso viza yanu. Ya ophunzira siilola kudzilemba ntchito nokha. Ya Skilled Worker ndi ya Health and Care zimaika malire a maola 20 pa sabata pa ntchito yowonjezera, komanso pali malamulo a mtundu wa ntchito yololedwa. Kulipira msonkho sikukonza kuphwanya viza, ndipo kubisa msonkho kungadzakutsateni pofunsira chilolezo chokhazikika kapena unzika.

Sungani malisiti, masitetimenti a kubanki ndi kabuku kolemba tsiku, ntchito ndi ndalama, kwa zaka zisanu kuchokera pa 31 Januwale wa fomuyo. Kujambula lisiti pa foni tsiku lomwelo n'kokwanira. Kuchedwetsa fomu ndi tsiku limodzi kumabweretsa chindapusa cha £100 ngakhale mulibe msonkho woti mulipire, ndipo pakatha miyezi itatu amawonjezera £10 pa tsiku mpaka £900. Choncho ngakhale ndalama zolipira palibe, fomu itumizeni pa nthawi yake, kenako pemphani dongosolo lolipira mwezi ndi mwezi lotchedwa Time to Pay. Amene ali ndi zaka zam'mbuyo zomwe sanaulule angadziwitse HMRC okha, ndipo chindapusa cha wodzipereka yekha chimakhala chochepa kuposa cha amene wachita kupezedwa. Bungwe lachifundo la TaxAid limathandiza ulere anthu a malipiro ochepa pa nkhani ngati zimenezi.