Phunziro la Mwezi Uno: Za Udani wa pa Ayuda

Mwezi uno tilingalire za Ayuda, mtundu umene anabadwamo Ambuye wathu ndi atumwi ace, ndi za udani umene wakulanso pa iwo m'maiko akutali.

1. Mizu yace. Udani umenewu suli wa dzulo ai. Zaka mazana ambiri Akristu ena ku Europe anaphunzitsa kuti Ayuda onse ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu. Mau otere anali ngati kaufiti, amene ayamwa mizu ya cimanga pansi mwini munda asanaone duwa lace. M'caka ca 1935 boma la Hitler ku Germany linaika malamulo olanda Ayuda ufulu wa nzika. Usiku wa pa 9 November 1938 masunagoge mazana ambiri anatenthedwa, ndipo pofika 1945 Ayuda ngati 6,000,000 anali ataphedwa.

2. Kuwerenga kwace. Popeza anaona kuti imfa inayamba ndi mau, anthu ena anayamba kulemba coipa ciri conse cocitidwa pa Ayuda: kumenya, kutukwana, kuononga manda, ndi makalata oopseza. Ku Britain bungwe la Community Security Trust linalemba milandu yoposa 4,000 m'caka ca 2023, pamene m'caka ca 2022 sinafike 2,000. Ku America la Anti-Defamation League linalemba 8,873 m'caka comweco ca 2023. Milanduyo inacuruka makamaka Hamas itaukira Israel pa 7 October 2023, ndi nkhondo ya ku Gaza itayamba. Ciwerengero cotere cithandiza boma kudziwa kumene lingatumize alonda. Koma tikumbuke kuti olembedwa ndiwo okha amene anakanena, ndipo ambiri akhala cete.

3. Cobvuta cace. Kodi tiwerenge ciani? M'caka ca 2016 maiko a bungwe la IHRA anabvomerezana ku Bucharest mau ofotokozera udani umenewu. Koma anzeru ena anaopa kuti mauwo angatseke pakamwa anthu odzudzula boma la Israel, nalemba ao ena m'caka ca 2021. Ife tione ici: kudzudzula boma kuli kwina, ndi kumenya mwana wa Myuda ku London cifukwa ca nkhondo ya kutali kuli kwinanso.

4. Kulapa kwa Eklesia. Pa msonkhano wa ku Amsterdam m'caka ca 1948 mipingo yambiri inabvomereza kuti kuda Ayuda ndiko cimo. M'caka ca 1965 mpingo wa ku Rome unanenetsa kuti mlandu wa mtanda usaikidwe pa Ayuda onse, a kale kapena a lero.

5. Kwa ife. Kapena wina adzati, Kwathu kuno kulibe Myuda, nanga zitikhudza bwanji? Zitikhudzadi. Powerenga za masautso a Ambuye m'sukulu ndi m'mapemphero, aphunzitsi afotokozere ana kuti Mariya, Petro ndi Yohane nawonso anali Ayuda. Ndipo pakumva munthu alikunena kuti a mtundu wakuti onse ndiwo akuba kapena afiti, tisaseke naye, pakuti ndiye kaufiti yemweyo. Tizule asanacite maluwa.

Mafunso: (a) Cifukwa ninji anthu alemba ngakhale mau otukwana? (b) Ciwerengeroco cipereweranji? (c) Ndi mau otani a m'mudzi mwathu amene tiyenera kuwaleka?