Musanagule nyumba, yambani mwagogoda makoma ake

Zosankha dera, kusonkhanitsa ndalama ndi kukambirana ndi banki sinditaya nazo nthawi, poti aliyense amene wafika pofuna kugula nyumba anaziganizira kale. Za mapepala ndingokumbutsako pang'ono. Nyumba ikakhala ndi title deed, kafufuzeni ku ofesi ya Unduna wa za Malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo, komanso ngati nyumbayo sanaikolekere ngongole ku banki. Ikakhala pa malo a Malawi Housing Corporation kapena a khonsolo ya mzinda, kafunseni komweko. Ikakhala ya masiye, wogulitsa akuonetseni makalata a khoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, chifukwa kukhala mwana woyamba sikumpatsa munthu mphamvu yogulitsa. Onaninso mabikoni a ploti ndi ngongole za city rates. Zonsezi loya amazitha.

Chimene loya sangakuchitireni, ndipo ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna, ndi kuyendera nyumbayo. Ambiri amapita Loweruka masana ndi akazi awo kapena amuna awo, dobadoba ali patsogolo ndi makiyi. Amawerenga zipinda, kuyamikira matailosi, kusuzumira ku bafa, mphindi makumi awiri basi atuluka, Lolemba dipoziti yalowa. Kumeneko n'kukacheza, si kuyendera nyumba ayi.

Choyamba, musapereke ngakhale tambala musanayendere. Mudzauzidwa kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, choncho mugwiritse kaye ndi kangachepe. Mawu amenewa amanenedwa pa nyumba iliyonse. Mukangopereka, maso anu amasiya kuona zolakwika chifukwa mtima wayamba kuteteza ndalama zimene zapita kale, ndipo mphamvu yonenerera mtengo yatha. Ngati n'kofunikadi kugwiritsa, ndalamazo zikhale m'manja mwa loya, ndipo zilembedwe kuti zidzabwezedwa nyumba ikapezeka ndi vuto lalikulu.

Chachiwiri, tengani mmisiri wanu. Asakhale amene anamanga nyumbayo, kapena amene dobadoba wakupezerani, kapena mlamu wanu amene anamangitsapo mpanda kamodzi. Pezani bilidala wokhwima amene alibe chopindula pa malondawo, mumulipire tsiku lake, mwina K50,000 kapena kuposerapo. Nyumba ikakhala yosanja, ya pamtsetse, kapena ikaoneka ndi ming'alu, itanani injiniya wa zomangamanga kuti akulembereni lipoti. Angakudyereni ma K100,000 angapo. Zimandidabwitsa kuti munthu wokonzeka kutulutsa K60 miliyoni amaumira pa ndalama imeneyi. Amene muli ku Johannesburg kapena ku London, zithunzi za pa WhatsApp sizionetsa chinyontho, ndipo mbale amene mwamutuma amaona kukongola kokha. Mutumizireni mmisiri.

Tsopano makoma. Apa ndichedwapo, chifukwa china chilichonse m'nyumba chimasinthika, koma khoma ndi maziko zikakhala zoipa ndiye kuti mwagula ploti pa mtengo wa nyumba.

Penti yatsopano muziikayikira. Nyumba yogulitsa ikanunkha penti, funsani chimene chaphimbidwa. Yendani chipinda ndi chipinda mukugogoda khoma ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Pulasitala wogwira bwino amalira molimba, wolekana ndi njerwa amalira ngati ng'oma. Unikani tochi cham'mbali, moyandikiza kukhoma, ndipo mizere ya malo amene anamatamata idzaonekera ngakhale penti ikhale yokhuthala bwanji. Mzere uliwonse woterowo ulondoleni kumene ukuchokera ndi kumene ukuthera.

Si mng'alu uliwonse woopsa. Timizere tating'ono ngati tsitsi, tongoyenda pamwamba pa pulasitala, timapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo amene amathawa nyumba chifukwa cha timeneti akutaya mwayi pachabe. Woopsa ndi mng'alu woyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, wotsika ngati masitepe motsatira mizere ya njerwa, wotakata mbali imodzi n'kumaning'a mbali inayo. Ukamalowa kamtengo ka machesi, ulembeni. Ukamalowa pensulo, injiniya auone musanapitirize nkhani iliyonse. Ndipo mukaupeza m'kati, tulukani mukaone kunja pa malo omwewo. Ukapezekanso kunja ndiye kuti khoma lathyoka lonse, ndipo mwina maziko akusuntha. Tsekulani ndi kutseka chitseko chilichonse. Chitseko chokhula pansi, kapena chimene anachipala m'mphepete kuti chizitsekeka, chikhoza kukhala chikunena zomwezo.

Wogulitsa adzati ming'aluyo ndi yakale, nyumba inakhazikika. Mwina n'zoona. Njira yodziwira ndi yosavuta koma imafuna kudekha: lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, yezani kutakata kwake, jambulani, mubwerenso patapita masabata angapo. Izi n'zofunika kwambiri pa dothi la makande, lakuda lija la m'madambo, limene limafufuma mvula ikagwa n'kusweka m'chilimwe. Nyumba ya pa dothi lotere imatseka ming'alu yake mu February n'kuitsekulanso mu October, chaka ndi chaka, ndipo kumata sikuthandiza. Malo ambiri amene kale anali madambo m'mizinda yathu anadulidwa maploti, choncho funsani anthu akale a m'deralo kuti pamenepo panali chiyani nyumba zisanamangidwe. Mtengo waukulu wa bulugama kapena wa mango woyandikana ndi khoma nawonso umamwa madzi pansi pa maziko.

Kenaka dziwani chimene chili kuseri kwa pulasitala. Nyumba ya zidina, ya njerwa zootcha zomangira matope, ndi ya njerwa zomangira simenti, zikapakidwa pulasitala ndi penti zimaoneka chimodzimodzi, koma mitengo yake ndi moyo wake n'zosiyana kutali. Pezani malo amene njerwa zili poyera: pamwamba pa khoma m'kati mwa siling'i, kuseri kwa bokosi la mita, kapena pansi kunja pamene pulasitala wagwa. Kandani pakati pa njerwa ndi msomali. Pakamayoyoka dothi lofiira, amangira matope. Pakamayoyoka mchenga ndi chala chokha, simenti anaiba. Nyumba yomangira matope ikhoza kukhala zaka zambiri ngati madzi saifikira, koma musailipire mtengo wa nyumba ya simenti. Muli komweko ku siling'i, onani ngati pali ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomezi. Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu December 2009, ndipo nyumba zopanda lamba ameneyu ndi zimene makoma ake amatayana msanga.

Chinyontho chili ndi nyengo yake, ndipo n'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti nyumba aione mvula ikugwa. M'chilimwe bwalo limakhala gwa, khoma lili louma. Ngati mungathe kudikira January kapena February, pitani tsiku limene yagwa yamphamvu, musanene kuti mukubwera. Onani kumene madzi a pamsewu akulowera, kumene a padenga akugwera, ndi ngati akudikha m'mbali mwa khoma. Ngati simungadikire, fufuzani zizindikiro. Penti yotupa kapena yosupuka kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ufa woyera ngati mchere pa njerwa, fungo la nkhungu m'mawadiropu, mzere wa penti yamafuta wopakidwa chakumunsi kokha, zonsezi zikhoza kusonyeza kuti madzi akukwera kuchokera pansi. Sunthani sofa, kabati ndi bedi, poti sizinaikidwe pamenepo mwangozi. Kunja, funani pulasitiki wakuda uja amene amayala pamwamba pa maziko, wotchedwa DPC. Ayenera kukhala pamwamba pa nthaka ndi mizere iwiri ya njerwa. Akasowa, kapena bwalo likakhala lokwera kuposa pansi pa nyumba, chinyonthocho mudzalimbana nacho mpaka kale, ndipo penti iliyonse imene adzakuuzeni kuti imaletsa madzi idzasupuka dzinja lotsatira.

Anthu oyandikana nawo ndi mboni zaulere zimene ogula amazidumpha. Pitani panokha, popanda dobadoba, mukapereke moni kwa mayi wa nyumba ya kuseri, muwafunse mmene kumakhalira m'dzinja. Adzakuuzani chaka chimene madzi analowa m'nyumbamo, nthawi imene mpanda unagwa, ndi chifukwa chimene alendi sakhalitsa. Za nyumba za m'mphepete mwa mapiri ndi m'makhwawa sindinena zambiri. Zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu March 2023 tonse tikuzidziwa, ndipo palibe mmisiri amene angalimbitse nyumba yomangidwa m'njira ya madzi.

Ndibwerezenso, popeza apa ndi pamene anthu amachita ulesi: gogodani khoma lililonse, londolani mng'alu uliwonse mpaka kunja, kandani pakati pa njerwa, sunthani katundu, ndipo bwerani kawiri. Wogulitsa akakana kuti mukande kapena kusuntha kabati, kukanako ndi yankho lokwanira.

Zotsalazo n'zachangu. Denga: wina akwere m'siling'i masana ndi tochi, aizimitse kaye kuti aone pamene kuwala kukulowa m'malata, kenaka abaye matabwa ndi sikuludiraiva. Thabwa lodyedwa ndi chiswe limaoneka labwino kunja koma chitsulo chimangolowa. Timisewu ta dothi tokwera khoma ndi ta chiswe chomwecho. Aonenso ngati denga analimangirira kukhoma ndi waya kapena zitsulo, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga ongosanjika. Malata a geji 32 ndi opyapyala kuposa a geji 28, ndipo sachedwa kuboola. Nyumba zina zakale zili ndi denga la asibesitosi. Limenelo musaliswe kapena kuliboola mwachisawawa, fumbi lake limawononga mapapo. Madzi: tsekani mipope yonse muyang'ane mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha penapake, mwina pansi pa simenti. Gujumulani zimbudzi zonse, wina atavundukula manihole kuti aone ngati madzi akudutsa, ndipo funsani kuti sepitiki thanki ili pati ndipo anaipopa liti. Pa ploti pakakhala chitsime, chitalikirane ndi chimbudzi chokumba mamita pafupifupi 30. Magetsi: munthu wa chiphaso cha MERA aone mawaya, makamaka olumikiza ndi selotepi m'siling'i, ndipo mutsimikize ku ESCOM ndi ku bungwe la madzi kuti mita ndi yovomerezeka komanso ilibe ngongole.

Mukamaliza mudzakhala ndi mndandanda wautali, poti nyumba yopanda chilema kulibe. Ugaweni patatu. Zing'onozing'ono, monga mpope wodontha, galasi losweka ndi loko wakufa, musazitchule n'komwe, chifukwa mukazitchula wogulitsa amakonza zimenezo n'kumaoneka ngati wagonja pa zonse. Zapakati, monga malata, matabwa a denga, mawaya, mapaipi, ngalande ndi sepitiki, ziwerengereni mtengo. Pezani makoteshoni awiri kwa amisiri osadziwana, alembe kuchuluka kwa zipangizo, matumba a simenti angati, malata angati, matabwa angati, osati ndalama zokha. Mitengo imathamanga, kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndipo koteshoni ya mwezi watha ikhoza kukhala yopanda ntchito lero. Pa zimene alembazo onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa mukasasula denga mumapeza zina zimene sizimaoneka. Mongoyerekeza, kufolera mwatsopano nyumba ya zipinda zogona zitatu ndi nkhani ya mamiliyoni angapo, kukokanso mawaya n'kochepera pamenepo koma si ndalama ya m'thumba. Gulu lachitatu ndi la maziko osuntha, makoma othyoka mbali zingapo, ndi ploti yolowa madzi. Nyumba yotere isiyeni, pokhapokha injiniya atalemba njira yokonzera ndi mtengo wake, ndipo wogulitsa atatsitsa mtengo kufika pafupi ndi wa malo okha.

Langizo loipa limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti muuzeni mwini wake akonze musanalowe. Musalole. Munthu amene akutuluka m'nyumba amakonza ndi thumba limodzi la simenti ndi ndowa ya penti, ndipo inu mudzangopeza vuto lomwelo litabisika bwino kuposa kale. Atsitse mtengo, mukonze nokha ndi mmisiri wanu. Pokambirana musanyoze nyumba ya eni ake, ena anaimanga ndi penshoni yawo. Ingoikani zithunzi, lipoti ndi makoteshoni patebulo, munene mwaulemu kuti, "Bambo, nyumbayi taikonda, koma denga lokha likufuna ndalama izi, tigawane bwanji?" Ngati pali chimene iye yekha ayenera kumaliza, monga ngongole ya madzi kapena kutulutsa alendi, gawo la ndalama litsale kwa loya mpaka zitatheka.

Zonse mwagwirizana zilowe m'kalata ya mgwirizano wogulitsirana, ndi masiku ake, osati pakamwa kapena pa foni. Muiwerenge bwino kalatayo, chifukwa makalata ambiri otere amakhala ndi mawu akuti mwaiona nyumbayo ndipo mwailandira mmene ilili. Mukasaina pamenepo, mng'alu uliwonse umene mudzaupeze pambuyo pake ndi wanu, ndipo wogulitsa sadzayankhanso foni.