Kompyuta Ikakana Kuyaka, Tichite Chiyani?

Ambirife kuno ku Leeds, Bradford ndi Manchester tinagula makompyuta akaunjika, ndipo m'menemo ndi momwe timasunga ma CV, mapepala a malipiro ndi zithunzi za ana kumudzi. Tsiku lina ikangoti zii, tisathamangire kukaitaya.

Choyamba, tione ngati mita ya magetsi ili ndi ndalama. Kenako tione switchi ya pakhoma ndi ina ya kumbuyo kwa kompyutayo. Mapulagi akuno amakhala ndi fyuzi mkati. Ikapsa, tiike ina ya nambala yomweyo.

Ngati fani ikuzungulira koma sikirini ili bii, tilimbitse chingwe cha monita. Ikamalira kuti pii pii, kawirikawiri vuto ndi RAM: tizule pulagi, tichotse RAM, tiibwezeretse bwinobwino. Ikamasokoneza tsiku ndi nthawi, ndiye kuti kabatire ka CR2032 katha.

Chonde, tisatsegule kabokosi ka power supply. Magetsi amatsalira mkatimo ngakhale titazula pulagi.

Zikakanika, tichotse hard disk tisanataye, chifukwa nthawi zambiri mafayilo athu amakhala alipobe. Ngati abwana akufuna share code mwachangu, ku Leeds Central Library kuli makompyuta ogwiritsa ntchito ulere.