Kusungitsa katundu ku Joni pamene inu muli kumudzi

Anthu ambiri amene amapita ku Johannesburg kawirikawiri, kaya kukaoda katundu, kuchipatala kapena kukaona ana, amayenda ndi zinthu zimene amazigwiritsa ntchito kokhako: bulangete lochindikala, jekete ya mu Juni, ketulo, kambaula ka magetsi, zikwama zolongezeramo. Amazinyamula kudutsa pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, kenako n'kubwerera nazonso, chonsecho pa basi kulemera kulikonse kopitirira muyezo n'kolipira. Nzeru yake n'kuzisiya komweko. Malo ozisiya sasowa. Chovuta n'chakuti mwini katundu sakhala m'dzikomo, pomwe malamulo a osunga katundu anawalemba poganizira munthu wokhala nayo adiresi, akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni ya ku South Africa.

Yambani ndi masamu. Tiyerekeze kuti kachipinda kosungiramo katundu akukuuzani R600 pamwezi. Pachaka ndi R7,200. Ngati zimene mukufuna kusunga ndi bulangete, mapoto awiri ndi nsapato zakale, lendi ya miyezi itatu yokha ikugulirani zatsopano. Kulipira malo kumakhala ndi phindu kwa amene akusunga makina osokera, zida za ntchito, kapena katundu wa geni amene amamusonkhanitsa pang'onopang'ono mpaka akwane kutumiza ulendo umodzi. Malo osiyapo masutikesi a pabwalo la ndege la OR Tambo musawawerengere n'komwe, chifukwa amalipiritsa patsiku, ndipo pakutha mwezi mtengo wake umaposa wa sutikesiyo.

Ambiri amayamba ndi kusungitsa kwa m'bale kapena mnzawo wakumudzi. N'zaulere, ndipo kwa chikwama chimodzi n'zokwanira. Koma kumbukirani mmene anthu athu amakhalira kumeneko. Chipinda n'chimodzi, ogonamo atatu, ndipo ntchito ikasintha munthu amasamuka lero lomwe. Pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015, ambiri anathawa ndi zovala zapathupi zokha. Ngati mwasankha njira imeneyi, ikani zonse m'chikwama chimodzi chokhoma, jambulani zimene zili m'kati pa foni onse awiri mukuona, ndipo perekani kangachepe mwezi ndi mwezi. Munthu amene akulandirapo kanthu amakuuzani akamasamuka. Wosunga mwaulere amaiwala, ndipo simungamudzudzule.

Njira yokhazikika ndi ya makampani a self-storage, monga Stor-Age ndi XtraSpace, amene ali ndi nthambi m'madera ambiri a Gauteng. Mumachita lendi kachipinda ka chitseko chachitsulo, mumakhoma ndi loko wanu, kiyi n'kukhala ndi inu. Mgwirizano wake nthawi zambiri umayenda mwezi ndi mwezi. Funsani kachipinda kakang'ono kuposa tonse, kapena ngati ali ndi timakabati ta masutikesi awiri kapena atatu, chifukwa wogwira ntchito pa kauntala amayamba kukuonetsani chachikulu. Ndipo sankhani nthambi imene mungafikeko mosavuta kuchokera pa siteshoni ya mabasi ya Park Station kapena kumene mumagona. Malo otchipa a kutali amabweza ndalama yonse mwa mtengo wa galimoto yokatengera katundu.

Pa mapepala m'pamene alendo amagwa ulesi. Adzafuna pasipoti, zimenezo n'zosavuta. Ambiri adzafunanso umboni wa kumene mumakhala, ndiponso chilolezo choti azidula okha lendi ku akaunti ya banki ya m'dzikomo. Mmalawi wolowa ndi chidindo cha masiku 30 kawirikawiri alibe zonse ziwiri. Musadikire kukamva zimenezi mutafika kale ndi katundu pageti. Alembereni pa imelo kapena pa WhatsApp musananyamuke, muwauze mosabisa kuti ndinu mlendo wochokera ku Malawi, mumabwera kangapo pachaka, ndipo mufunse ngati angalandire adiresi yakwanu ndi malipiro a miyezi ingapo nthawi imodzi. Nthambi ina ikakana, yesani ina. Yankho lawo likhale lolembedwa, chifukwa amene munalankhula naye pa foni mwina simudzamupeza.

Kulipiriratu n'kofunika kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Kutumiza ndalama kuchoka ku Joni kubwera kuno n'kosavuta, koma kuchoka kuno kupita uko, ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nako, mukhoza kuzungulira mabanki sabata yathunthu. Kwacha nayo siidikira munthu: mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo lendi ya ma rand inakwera pomwepo kwa aliyense wolipira kuchokera kuno. Choncho lipirani muli konko, ndi ma rand ali m'manja, mpaka mwezi umene mukuyembekeza kubwerera, n'kuwonjezerapo miyezi iwiri. Maulendo amalephereka, maliro sapangana.

Chifukwa china cholipiriratu chili m'ndime ina ya mgwirizano imene anthu sawerenga. Mukalephera kulipira, kampani imatseka chipindacho kuti musalowe, imakuchenjezani, ndipo nthawi ikapitirira ikhoza kugulitsa katundu wanu kuti ipeze ndalama zake. Funsani kuti zimenezi zimachitika pakatha masiku angati, komanso chenjezo amalitumiza kuti. Musapereke nambala ya simu khadi ya ku South Africa yokha, chifukwa ikakhala miyezi ingapo osagwira ntchito amaitseka n'kuipereka kwa wina. Perekani imelo imene mumatsegula ndi nambala yanu ya WhatsApp yakuno. Funsaninso nthawi imene mitengo imakwera, ndi masiku amene muyenera kuwadziwitsiratu mukafuna kutuluka.

Lembetsani munthu wachiwiri amene ali ndi chilolezo chotsegula, ndipo mumusiyire kiyi wina. Izi si zamwambo chabe. Malamulo a ku South Africa, kuyambira 2014, amati wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Matenda kapena kuchedwa kwa pasipoti yatsopano kukhozanso kukutsekerani kuno. Zikatero pafunika wina wokatulutsa katundu n'kumukweza basi. Ena amagwirizana awiri kapena atatu kuchita lendi chipinda chimodzi. Zimatchipa, koma mwini wake pamaso pa kampani ndi amene wasaina, ndiye asaine amene mumamudziwa mpaka kwawo.

Kalongezedwe n'kosavuta. Zovala zichapidwe, ziume bwinobwino, zilowe m'mabokosi apulasitiki otseka, osati m'makatoni, amene mphemvu zimaswerana m'menemo. Johannesburg n'kouma, koma ngati mukusunga ku Durban, kumphepete kwa nyanja, nguwi ndi dzimbiri sizichedwa, choncho katundu asagunde pansi. Chotsani mabatire m'tochi ndi m'wailesi. Ufa, usipa, mafuta, parafini ndi gasi saloledwa, ndipo chakudya chimaitana makoswe amene adzaboolanso za anansi anu. Pasipoti yakale, masatifiketi ndi ndalama yendani nazo. Inshuwalansi ifunseni padera, chifukwa makampani ambiri salipira katundu akapsa kapena akabedwa ngati simunamulembetse.

Musanatseke chitseko, jambulani m'kati, jambulani nambala ya chipinda, risiti ndi tsamba lililonse la mgwirizano, n'kutumiza zithunzizo kwa wina wakunyumba. Marisiti ogulira katundu watsopano asungeni pamodzi ndi pasipoti, chifukwa tsiku limene mudzamutulutse a MRA adzawafuna pa Mwanza kapena pa Dedza.