Kadzutsa pa bwalo la ndege ndi mwana wamng'ono

Funso: Mwezi wamawa ndikupita ku Johannesburg ndi mwana wanga wa zaka ziwiri. Tidzachoka kunyumba m'bandakucha kupita ku bwalo la ndege la Kamuzu. Kodi ndidzamudyetse ku lesitilanti ya pabwalopo, kapena ndimutengere chakudya? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, mutengereni ndithu. Mwana akamva njala sadikira kuti woperekera zakudya abwere. Nthochi, buledi ndi dzira lowiritsa zikwanira kumutonthoza.

Fikani pabwalopo patatsala maola atatu kuti ndege inyamuke. Yambani mwapereka zikwama ndi kudutsa pa chipikisheni, kenako mukhale pansi n'kudya mtima uli m'malo. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire mamililita 100 pa botolo. Mkaka ndi phala la mwana nthawi zambiri amaloleza, bola muwaonetse achitetezowo.

Ku lesitilanti itanitsani zomwe mwanayo anazolowera. Tsiku la ulendo si loyesera chakudya chachilendo, chifukwa m'mimba mukamuvuta muli m'mwamba mudzasowa pogwira. Dzira lipse bwinobwino. Mtedza ndi soseji yodula mozungulira zimatsamwitsa ana a msinkhu umenewu, choncho zipeweni. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tiyi: kamkono ka mwana n'kofulumira. Kapu yotentha ikhale kutali naye, ndipo musamwe mutamufukata.

Musungireni madzi kapena mkaka woti azimwa ndege ikamanyamuka komanso ikamatera. Kumeza kumachepetsa kupweteka kwa m'makutu.