Agogo a Nyamakazi ndi Khanda la M'chikuta

Mwana akabadwa, woyamba kuitanidwa ndi agogo. Kusambitsa khanda, kuchapa matewera, kuphikira mayi phala, zonse zimagwera iwo. Nanga ngati manja awo ali ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, ija madokotala amati rheumatoid arthritis?

Matendawa si ukalamba ndipo si kulodzedwa, choncho kutema mphini sikuthandiza. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mwini wake, makamaka za zala, manja ndi mapazi, mbali zonse ziwiri. Amagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Sapatsirana: fungatani mdzukulu wanu popanda mantha.

Agogo, m'mawa si nthawi yanu

Mukudziwa nokha mmene zala zimaumira mukadzuka, mwina mpaka ola lathunthu. Khanda lonyowa ndi sopo limaterera, ndiye musalisambitse nthawi imeneyi. Yambani mwaviika manja m'madzi ofunda, mukufumbata ndi kufumbatula pang'onopang'ono. Ntchito za mwana muzigwire dzuwa likakwera.

Ponyamula, musapise manja m'khwapa mwa mwana, chifukwa kulemera konse kumagwera pa zala zazikulu. Lowetsani mkono umodzi kunsi kwa mutu ndi msana, wina kunsi kwa matako, kenako muyandikizeni pachifuwa. Chabwino koposa n'kukhala pampando, pilo ali pamiyendo, wina n'kudzakupatsirani mwanayo. Beseni likhale patebulo, osati pansi, ndipo wina aime pambali. Mwana akadzafika poberekedwa, mfundo ya chitenje akumangireni ena. Zala zotupa zimamanga mfundo yosalimba.

Kufinya matewera, kutunga madzi ndi kusinja perekani kwa ena. Abambo a mwanayo manja ali nawo. Agogo ambiri amabisa ululu poopa kunenedwa kuti anangobwera kudzadya, koma mfundo ikatupa, kutentha ndi kufiira, imafuna kupuma tsiku limenelo. Ntchito yokhala pansi ilipo yambiri: kutonthoza mwana, kuona ngati akuyamwa bwino, kuletsa anthu kupaka zinthu pamchombo, kukumbutsa kuti miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha. Ngati mwana wabadwa wochepa thupi, mukhoza kulandira mayi pa kangaru, kuja kofungata mwana pachifuwa, mutatsamira bwino, muli maso.

Za mankhwala

Musasiye mankhwala chifukwa chotanganidwa, ndipo ngati mukupita kukakhalitsa kwa ana anu, tengani okwanira pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Sagwirizana ndi Bactrim, choncho uzani dokotala aliyense kuti mumamwa mankhwalawa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asawamwe, ngakhale nayenso akudandaula manja. Asungeni pamwamba pomwe ana safika. Ibuprofen ndi diclofenac wongogula pagolosale amawononga m'mimba ndi impso mukamamwa mowirikiza. Ngati mwamwa mankhwala ogonetsa, musagone mphasa imodzi ndi khanda.

Methotrexate ndi prednisolone amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Katemera wa madontho wa poliyo ndi wa rota amatuluka m'chimbudzi cha mwana kwa masabata angapo, ndiye sambani m'manja ndi sopo mukasintha thewera, kapena musiyire wina. Katemerayo mwana alandire ndithu pa masiku ake a sikelo. Inuyo mukayamba kutentha thupi, zilonda m'kamwa kapena chifuwa chosatha, talikiranani ndi khanda ndipo pitani kuchipatala akakuyezeni, kuphatikizapo TB.

Maso anu ndi amene aona ana ambiri pakhomopo. Khanda likakana bere, likatentha kapena kuzizira thupi, likamapuma mofulumira, likakomoka, likachita chikasu, kapena mchombo ukatuluka mafinya, musadikire kuche. Nyamukani naye ulendo wa kuchipatala, ndipo panjira amunyamule wa manja olimba.